Chifukwa chiyani gemu ya mapulaneti 1,000 ingamveke yopanikiza?

Mu Sepitembala 2023 kampani ya ku America yotchedwa Bethesda inatulutsa Starfield, gemu ya maulendo a m'mlengalenga imene anthu anaidikira kwa zaka. Inabwera ndi mapulaneti oposa 1,000. Sipanapite nthawi, osewera anagawanika. Ena anati sanaonepo malo aakulu chonchi m'gemu. Ena anati ntchito yawo yangokhala kudina mapu, kudikira, n'kudinanso. Onsewa ankanena za gemu imodzi, ndipo palibe amene ankanama.

Ngati munangoonera tizidutswa ta magemu otere pa YouTube kapena TikTok, mkanganowu ungakusokonezeni, chifukwa okonza mavidiyo amadula chinthu chenicheni chimene anthu akukanganirana: mphindi zija wosewera ali pa ulendo, palibe mfuti ikulira, palibe wolankhula naye. Mkanganowu sunayambenso ndi Starfield, ndipo gwero lake ndi limodzi. Thambo ndi lalikulu mopitirira, ndipo mbali yake yaikulu mulibe kanthu.

Vuto la mtunda

Amene anakwera Apollo 11 mu 1969 anatha masiku atatu asanafike pafupi ndi mwezi. Galimoto yofufuza ya Perseverance inanyamuka mu Julayi 2020 n'kukatera ku Mars mu Febuluwale 2021. Kuwala kochokera ku nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kutifike.

Wolemba nkhani yopeka ya sayansi savutika nazo izi. Amangolemba kuti “patapita miyezi isanu ndi iwiri” ndipo owerenga afika. Wopanga filimu amadula chithunzi. Koma m'gemu woyendetsa chombo ndi wosewera, ndiye opanga ayenera kusankha chochita ndi mtundawo: audule, aubise, ausiye momwe ulili, kapena achepetse thambo lonse. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo kuti mtengowo uoneke tiyenera kumvana kaye pa zinthu zitatu: kumira m'gemu, kayendedwe ka nthawi, ndi kufufuza malo.

Kumira m'gemu

Osewera akamati gemu yawamiza, amanena za nthawi ija munthu waiwala mabatani amene ali m'manja mwake, waiwala wotchi, ndipo chinthu chikagogoda m'gemumo mtima umadumpha ngati chagogoda pakhomo pake. Mu 1997 Janet Murray, katswiri wa nkhani zosimbidwa pa kompyuta, anayerekeza zimenezi ndi munthu wolowa m'madzi: zonse zomuzungulira zasintha, ndipo thupi lonse likudziwa kuti lili kwina.

Mu 2004 Emily Brown ndi Paul Cairns, ofufuza a ku London, atacheza ndi osewera anaona kuti kumiraku kumabwera m'masitepe atatu. Poyamba munthu amavomera kupereka nthawi yake ndi kuphunzira mabatani. Kenako gemu imayamba kumukhudza mumtima, ndipo za m'chipinda chimene wakhala zimazimiririka. Sitepe yachitatu ndi pamene amamva ngati alidi komweko, ndipo imeneyi sikhalitsa. Imabwera n'kuchoka.

Chifukwa choti ndi yosachedwa kusweka, opanga ena amalondera chilichonse chimene chingakumbutse munthu kuti akuyang'ana sikirini. Mu Half-Life ya 1998, kampani ya Valve sinachotsepo wosewera m'maso mwa Gordon Freeman, munthu amene iye akumuyendetsa, kuti imuonetse filimu ya nkhaniyo. Zonse zimachitika iye ali pomwepo, akutha kutembenuka. Mu Dead Space ya 2008, mphamvu zimene zatsala m'thupi la Isaac Clarke, munthu amene wosewera akumuyendetsa, sizilembedwa pakona ya sikirini, zimawala pamsana pa chovala chake, ndipo zipolopolo zotsala zimaoneka pa mfuti penipenipo. Ukatsegula thumba la katundu gemu siima, chilombo chikhoza kukupeza uli mkati mosankha.

Pano pali msampha umene ambiri timagweramo, woganiza kuti kumira kumadalira kukongola kwa zithunzi. Elite ya 1984 inkajambula zombo ndi timizere toyera pa sikirini yakuda, koma anthu ankachezera nayo usiku. Zithunzi zimathandiza kulowa. Chimene chimasunga munthu mkatimo ndi momwe nthawi yake ikugwiritsidwira ntchito.

Kayendedwe ka nthawi

Apa tikunena za kasinthasintha wa phokoso ndi bata, mantha ndi mpumulo, komanso kutalika kwa chilichonse mwa izi. Amene anamverapo nthano kwa wosimba waluso akuchidziwa kale chinthuchi. Sathamangira kumapeto. Pamene fisi wayandikira amatsitsa mawu, pamene omvera ayamba kutopa amaponya nyimbo kuti onse avomere, ndipo “tilitonse” akayamba kumveka mofooka amadziwa kuti yakwana nthawi yoti china chichitike. Nthano ndi yomweyo, koma wina akaisimba ana amagona, wina akaisimba amapempha ina.

Opanga magemu amakonda kutchula Mihaly Csikszentmihalyi, katswiri wa maganizo wochokera ku Hungary, amene kuyambira m'ma 1970 anafotokoza kuti munthu amatengeka kwambiri ndi ntchito pamene kuvuta kwake kukulingana ndi luso lake. Ikaphweka kwambiri amatopa nayo, ikavuta kwambiri amada nkhawa. Koma kulinganiza kokha sikukwana. Gemu imene ili pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale mlingowo ukhale wabwino, imafika pogonetsa.

Half-Life imayamba ndi mphindi zingapo wosewera ali m'kasitima kolowa m'malo ofufuzira a Black Mesa. Alibe mfuti, alibe mdani. Akungoona antchito, makina, ndi zitseko zachitsulo zikutseguka. Pa nthawi imene magemu owombera ankakuponya pakati pa nkhondo mphindi yoyamba, ichi chinali chachilendo. Phindu lake limaoneka ngozi ikachitika: malo amene akugumuka ndi malo amene unawaona ali bwinobwino, ndiye kugumukako kumakukhudza.

Izi sizikutanthauza kuti kuyenda pang'onopang'ono ndiko kumiza. Doom ya 1993, ndiponso ya 2016, zimamiza ndi liwiro. Munthu alibe mpata woganiza za china. Koma ngakhale mmenemo, nkhondo ikatha pamakhala kanjira kachete, pofunafuna kiyi kapena chipinda chobisika, kuti mtima utsike usanakwerenso.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuti bata limapangidwa dala ndi Alien: Isolation ya 2014. Chilombo cha m'gemuyi chimayendetsedwa ndi nzeru ziwiri. Ina ndi ya chilombocho, chimene chiyenera kukupeza ndi maso ndi makutu ake. Ina ili ngati woyang'anira: imadziwa pamene uli nthawi zonse, imalozera chilombo dera limene uli, ndipo imawerengera kuti wapanikizika kwa nthawi yaitali bwanji. Ikaona kuti zakwana, imachibweza kudenga kuti upume. Popanda mpumulowo mantha amasanduka kutopa. Komabe gemu yomweyi inadzudzulidwa kuti ndi yaitali kwambiri, ndipo webusaiti yoweruza magemu ya IGN inaipatsa 5.9 pa 10, pamene ena mpaka lero amaitcha imodzi mwa magemu oopsa opambana. Kayendedwe ka mphindi iliyonse kakhoza kukhala kabwino pamene ka maola onse pamodzi kakutsutsidwa.

Tsono mfundo imene imalumikiza zonse ndi iyi. Wopanga filimu ali ndi ulamuliro pa wotchi, wopanga gemu alibe. Wosewera akhoza kuima, kubwerera, kapena kuthamanga. Chida chachikulu chimene wopanga watsala nacho ndi malo: kutalika kwa njira, chitseko chokhoma, phiri looneka patali. M'gemu nthawi imayezedwa ndi mtunda. N'chifukwa chake nkhani ya kayendedwe singasiyanitsidwe ndi ya kufufuza.

Kufufuza: malo omangidwa ndi manja

Kufufuza si kuyenda chabe. Ndi kuyenda uli ndi funso, n'kukapeza kuti malowo ali ndi yankho kapena funso lina loposa loyamba.

Metroid ya Nintendo, ya 1986, inakhazikitsa njira imene ikugwiritsidwabe ntchito. Umaona khomo limene sungathe kutsegula kapena malo okwera amene sungafikire, umapitirira, ndipo patapita nthawi ukapeza chida chatsopano khomo lija limakubwerera m'mutu. Palibe wakutuma. Mapu enieni akumangidwa m'mutu mwako, ndipo malo amene munthu wawasunga yekha m'mutu amayamba kumveka ngati enieni. System Shock ya 1994 inawonjezera china: m'malo mokumana ndi anthu amoyo, umatola mawu amene akufa anajambula, n'kumalumikiza wekha zimene zinachitika.

Subnautica ya 2018 inatenga nzeru zomwezi n'kuziika m'nyanja ya pulaneti lachilendo. Simupatsidwa mapu. Poyamba mpweya umatha pa masekondi 45 okha, ndiye mumangozungulira m'madzi osaya, owala. Mukapanga thanki yokulirapo, kenako kasitima ka pansi pa madzi, mumatsika pang'ono, ndipo kukamada ndi pamene nkhani ikukula. Wayilesi imalira nthawi ndi nthawi kukulozerani kumene anzanu anagwera, ndipo malo aliwonse otere ali dala pafupi ndi chinthu chimene mukufunika kuona. Wosewera amamva ngati akudziyendera yekha, chikhalirecho kuya kwa madzi ndiko kukumuuza nthawi yofulumira ndi yodikira.

Malire a njira imeneyi ndi odziwika: mwala uliwonse uyenera kuikidwa ndi munthu, ndiye dziko silingakule kuposa manja amene alipo.

Kufufuza: malo owerengedwa ndi kompyuta

Njira ina ndi kupatsa kompyuta malamulo ndi nambala yoyambira, iyo n'kumapanga malo pamene wosewera akufika. David Braben ndi Ian Bell anachita zimenezi mu Elite pa kompyuta ya BBC Micro, imene inali ndi malo ochepa kwambiri osungira zinthu. Anakwanitsa milalang'amba 8, uliwonse wa mapulaneti 256, chifukwa sankasunga mapulanetiwo. Ankasunga njira yowawerengera, ndipo nambala yomweyo imabala pulaneti lomwelo nthawi zonse.

No Man's Sky, yopangidwa ndi kagulu kochepa ka Hello Games ku Guildford, inafikitsa nzeruyi pa mapulaneti 18,446,744,073,709,551,616. Itatuluka mu Ogasiti 2016 anthu ambiri anakhumudwa. Zina zinali zokhudza zinthu zimene ankayembekezera koma sanazipeze, monga kukumana ndi osewera anzawo. Koma dandaulo lina linali lozama: ukaona mapulaneti khumi, la khumi ndi chimodzi umalidziwa usanatere. Kate Compton, amene anagwirapo ntchito pa gemu ya Spore, anapereka fanizo lotchuka la vutoli: ukhoza kupanga mbale 10,000 za phala, iliyonse yosiyana ndi inzake ukaiyeza mwa masamu, koma wakudya akuona phala basi. Hello Games inapitiriza kukonza gemuyi kwaulere kwa zaka, kuwonjezera kumanga nyumba, kusewera ndi anzako mu 2018, ndi maulendo okhala ndi cholinga, ndipo mbiri yake inasintha kwambiri. Onani kuti zambiri zimene anawonjezera si mapulaneti ena, koma zifukwa zokhalira pa pulaneti.

Starfield inasakaniza njira ziwirizi. Mizinda ndi nkhani zikuluzikulu zinamangidwa ndi manja, pamene malo ambiri a pa mapulaneti amayalidwa ndi kompyuta, imene imamwazapo nyumba zomangidwa kale. Vuto limene osewera anatchula n'lakuti nyumba yomweyo, yokhala ndi makalata omwewo ndi mitembo pa malo omwewo, imapezekanso pa pulaneti lina kutali. Kalata ya munthu wakufa imagwira mtima ulendo woyamba. Ukaipezanso kachiwiri kwina, imakuuza kuti munthuyo sanakhaleko.

Misoko ya ulendo

Tibwerere ku mtunda uja. Kuudula ndi kumene Starfield inasankha: kuchoka pa pulaneti kupita m'mlengalenga, kapena kuchoka ku nyenyezi ina kupita ku ina, kumadutsa pa mapu, kafilimu kakafupi ndi sikirini ya loading, yodikirira kuti gemu ikonze malo otsatira. Ubwino wake ndi woti munthu wa nthawi yochepa amafika msanga pamene pali nkhani. Mtengo wake ndi woti malo salumikizana m'mutu. Ukafika paliponse ndi kudina kumodzi, kutali ndi pafupi zimafanana.

Kuubisa ndi kumene Mass Effect ya 2007 inachita ndi zikepe zake. Pamene gemu ikukonza malo otsatira, wosewera amaima m'chikepe, anzake a m'nkhaniyo akucheza kapena nkhani za pa wayilesi zikumveka. Anthu anadandaula kuti zikepezo zinkachedwa, ndipo Mass Effect 2 inazichotsa n'kuika sikirini ya loading. Kenako ena anayamba kuzisowa, chifukwa m'zikepemo ndi mmene ankamva anzawo aja akulankhulana ngati anthu. Gemuyi itakonzedwanso mu 2021, zikepe zinafupikitsidwa ndipo wosewera anapatsidwa batani lodumphira macheza ngati akufuna.

Kuusiya momwe ulili ndi njira ya Elite Dangerous ya 2014, imene inayala mlalang'amba wathu wonse, nyenyezi pafupifupi 400 biliyoni. Muli siteshoni ina yotchedwa Hutton Orbital imene kwa zaka zambiri kuti ukafike unkauluka molunjika pafupifupi ola ndi theka la nthawi yeniyeni, popanda chochitika. Kwa ena uku n'kutaya nthawi. Kwa ena ulendowu unasanduka mwambo, ndipo kapu imene imagulitsidwa kumeneko ndi chinthu chonyadira. Mu 2019 osewera masauzande anayenda limodzi kwa miyezi kupita kutsidya la mlalang'amba pa ulendo wotchedwa Distant Worlds II. Kwa iwo kutalika ndiye phindu lenilenilo.

A Bethesda anayankhapo za mapulaneti opanda kanthu. Mmodzi wa akuluakulu ake, Ashley Cheng, ananena kuti amene anapita ku mwezi sanapezeko kanthu koma sanatope nako. Otsutsa anati anthu amenewo anali atayenda ulendo woika moyo pachiswe ndipo anali ndi ntchito yoti agwire atafika. Mbali zonse ziwiri zikuvomereza kuti malo opanda kanthu akhoza kugwira mtima. Zikusiyana pa funso loti chimawapatsa mphamvuyo n'chiyani: kukhala chete kwa malowo, kapena zimene wadutsamo kuti ufikepo.

Njira yachinayi: kuchepetsa thambo

Outer Wilds ya 2019 ndiyofunika kuimapo, chifukwa inayankha funsoli mobwerera. Inayamba ngati ntchito ya sukulu ya Alex Beachum ku University of Southern California, ndipo inadzapambana mphoto ya ku Britain ya BAFTA ya gemu yabwino koposa mu 2020. Ili ndi mapulaneti owerengeka pa zala, ang'onoang'ono moti ukhoza kulizungulira limodzi wapansi m'mphindi zochepa. Kuchoka kwanu kukatera pa pulaneti lina ndi ulendo wa mphindi imodzi kapena ziwiri, wopanda kudula kulikonse, ndipo chombo umayendetsa wekha pamene mapulanetiwo akuzungulira dzuwa.

Pakatha mphindi 22 dzuwa limaphulika, ndipo umadzukanso pamene unayambira. Palibe chida chatsopano chimene umapeza, palibe mphamvu zowonjezera. Chimene umanyamula ndi zimene wadziwa basi. Ndipo malowo amasintha ndi wotchi. Pali mapulaneti awiri amapasa amene mchenga umachoka pa lina kuthira pa linzake, ndiye mapanga a kuno akukwiririka pamene nyumba za uko zikufukuka. Pulaneti lina, Brittle Hollow, likugumuka chidutswa ndi chidutswa kugwera m'dzenje lakuda limene lili pakati pake. Funso silingokhala loti ndipite kuti, koma ndipite liti.

Apa kayendedwe ka nthawi ndi kufufuza zasanduka chinthu chimodzi. Zolemba za mtundu wakale wa Nomai zimene umawerenga pa khoma la pulaneti lina zimatchula malo a pa pulaneti linanso, ndipo kompyuta ya m'chombo imangokusungira mphekeserazo popanda kukulamula. Ine ndimaona kuti palibe gemu ina ya m'mlengalenga imene inalumikiza zinthu ziwirizi mwaluso chotere. Koma nayonso ili ndi mtengo. Pali anthu amene wotchi ya mphindi 22 imawapanikiza moti sangathe kuwerenga modekha, ena amatopa ndi kubwereza ulendo womwewo atafa pang'ono kuti afike, ndipo ena amasochera chifukwa palibe wowauza chochita. Komanso ukadziwa mayankho, sungaiseweranso ngati poyamba.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la muyeso. Ofufuza ambiri amayeza kumira pofunsa munthu atamaliza kusewera, ndipo zimene munthu amakumbukira sizifanana nthawi zonse ndi zimene ankamva. Ulendo wa ku Hutton Orbital umakoma pousimba. Kodi unkakomanso pa mphindi ya 50? Ndipo kodi gemu iyenera kuweruzidwa ndi ziti, zomva pa nthawiyo kapena zokumbukira?

Lachiwiri ndi la kusankha. Zimaoneka zophweka kunena kuti opanga apereke njira zonse, wofuna kudumpha adumphe, wofuna kuyenda ayende. Koma ena amati njira yachidule ikangokhalapo anthu amaitenga ngakhale ikuwachepetsera chisangalalo, ndiponso opanga amasiya kukongoletsa msewu umene akudziwa kuti ambiri sadutsamo. Ena amati kumana munthu wa ntchito ndi ana njira yachidule ndi kumutsekera kunja. Mu 2024 Starfield inawonjezera mapu atsatanetsatane ndi galimoto yoyendera pa mapulaneti. Kodi kufupikitsa ulendo pakati pa malo awiri kumathetsa dandaulo, ngati dandaulolo linali la zimene zili pa malowo?

Palinso nkhani ya makina. Zosungira za SSD, zimene PlayStation 5 ndi Xbox Series zinabwera nazo mu 2020, zafupikitsa kudikira kwambiri. Zikepe ndi tinjira topapatiza tobisira loading sizikufunikanso ngati kale. Koma zina mwa izo zinkapereka mpumulo umene palibe anaukonza dala. Kodi opanga adzaubwezera mwadala, ndipo osewera adzaulandira akadziwa kuti si makina akuwakakamiza? Kumbali ina, Star Citizen, imene inayamba kusonkhetsa ndalama kwa anthu mu 2012 n'kudzalonjeza thambo lopanda misoko, patatha zaka khumi inali isanamalizidwe. Sizikudziwika ngati kukula, tsatanetsatane ndi kusadula zingakwanire pamodzi m'gemu imodzi yomalizidwa.

Funso lalikulu latsala pa kompyuta yopanga malo. Imatha kupanga mapiri, nyama ndi mitambo, ndipo mapulogalamu atsopano olemba mawu akhoza kudzaza mapulaneti ndi makalata osabwerezabwereza. Koma chimene chimakoka munthu mu Metroid, Subnautica kapena Outer Wilds ndi chikhulupiriro choti wina anaika chinthucho pamenepo ndi cholinga, ndipo chikulumikizana ndi china kutsogolo. Kodi makina angapange funso pa pulaneti lina n'kubisa yankho lake loona pa pulaneti lachikwi? Ndipo atakwanitsa, kodi wosewera amene akudziwa kuti palibe munthu analiganizira adzavutikabe kukalifuna?